Lesson plan pa foni: mmene ndimagwirira ntchito ndi AI

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a kupulayimale kuno ku Mzuzu, mukudziwa mmene Lamulungu madzulo kumakhalira. Anzathu ali kocheza, ife tili pa tebulo ndi sikimu, teacher's guide, mulu wa makope osachonga, kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja, ndiye mawa m'mawa ahedi akufuna asayine lesson plan tisanalowe m'kalasi. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 6, ndatha materemu angapo ndikugwiritsa ntchito AI (mapulogalamu omwe umawalembera funso nkukuyankha ngati munthu) pokonza ma lesson plan, ndipo poti tikakumana ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a m'zoni, anthu amandifunsa zomwezomwezi ndati bwanji ndingolemba kamodzi.

Za zida musadandaule, laputopu siyofunika, foni yolowa pa intaneti basi. Pali ChatGPT yomwe inatuluka mu November 2022, pali Gemini ya Google, pali Claude, komanso Meta AI yomwe ili mu WhatsApp momwemo. Zonsezi mutha kuyamba nazo mwaulere. Kulemberana mawu okha sikudya bandulo kwambiri, kaya muli pa Airtel kaya TNM, chomwe chimadya ndi zithunzi ndi mavidiyo. Sankhani imodzi muizolowere, osamangodumphadumpha.

Pomwe pagona nkhani ndi pa kafunsidwe. Tsiku loyamba ine ndinangolemba kuti ndipangire lesson plan ya ma fractions, basi. Inabwera yokongola zedi, koma mkati mwake munali kudula pizza, kuonetsa vidiyo pa projekita, mwana aliyense apatsidwe pepala lake losindikiza, magulu a ana anayi anayi. Ndinayang'ana foni, ndikuganizira kalasi yanga ya ana oposa 90, ena pa desiki atatu atatu ena pansi, ndinaona kuti phunziroli ndi la sukulu ina osati yanga. Vuto silinali kwina ayi, sindinaiuze kuti ndili kuti. AI ili ngati mphunzitsi wa teaching practice amene wawerenga mabuku ambiri koma sanapondepo pa sukulu panu, ndiye muyenera kumukhazika pansi nkumufotokozera.

Masiku ano ndimalemba motalika ndithu, m'Chingerezi chifukwa ndi chomwe imamva bwino, koma mfundo zake ndi izi: ndine mphunzitsi ku Malawi, kalasi ndi Sitandade 6, ana alipo chiwerengero chakuti, phunziro ndi la mphindi zakuti, ndili ndi bolodi ndi choko, buku limodzi amawerenga ana angapo, magetsi m'kalasi mulibe, ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka kapena Chichewa ndiye Chingerezi chikhale chophweka. Kenako ndimakopera ma success criteria, zomwe ana ayenera kukwanitsa pakutha pa phunziro, mmene alili mu teacher's guide, liwu ndi liwu. Apa musachite ulesi chonde. Silabasi yathu imachokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndipo mayeso a PSLCE amakonza ndi a MANEB, AI mukaisiya yokha imatola za maiko ena nkukusakanizirani, mwana nkuphunzira zomwe sadzafunsidwa nkusiya zomwe adzafunsidwe. Ngati tsambalo ndi lalitali lijambuleni ndi foni mutumize, bola chithunzi chikhale choonekera bwino.

Muiuzenso kayalidwe komwe ahedi ndi a PEA (alangizi a masukulu a pulayimale m'zoni) amayembekezera, success criteria, zipangizo, chiyambi, masitepe okhala ndi zochita mphunzitsi mbali iyi zochita ophunzira mbali inayo, ndi mathero. Gawo la evaluation lokha musaipatse. Limenelo mumalemba nokha mukatuluka m'kalasi chifukwa ndinu amene mwaona kuti gulu la kumbuyo lija silinamve.

Yankho loyamba musalitenge ngati lomaliza, bwezani. Ine pa fractions paja ndinaiuza kuti chotsa pizza, gwiritsa ntchito zomwe tingazipeze kuno, nzimbe, zitsekerero za mabotolo, nyemba, makatoni akale, mfundo ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, yomwe tinaphunzira ku koleji ija. Inasintha bwinobwino. M'mawa mwake ndinagula nzimbe imodzi yaitali panjira, m'kalasi tinawerenga mfundo zake, zinalipo 12, ndinafunsa kuti tikagawa anthu anayi aliyense atenga zingati, nanga atatu, nanga asanu ndi mmodzi. Kamnyamata kena komwe sikayankhula nkomwe kanakweza mkono nkunena kuti Madamu, ndiye kuti 1/4 ndi yaikulu kuposa 1/6 eti, ngakhale 6 ndi wamkulu? Chinthu chomwe ndinavutika nacho sabata yonse pa bolodi chinalowa ndi nzimbe. Tinadya pomaliza.

Koma tamverani bwino apa, chifukwa ine zinandionekera. Ndinapempha mafunso khumi ndi mayankho ake, ndinali wotopa, sindinawerengetsere ndekha, ndinangokopera. Pochonga, mtsikana wina anabwera ndi kope lake mwaulemu akuti Madamu mwandithetha koma ndikuona ngati ndakhoza. Funso linali 3/4 kuphatikiza 1/6, iye analemba 11/12, pepala langa linali ndi yankho lina. Mwanayo ndi amene anakhoza. Ndinapepesa kalasi yonse nkuchonganso makope onse, ndipo zinandipweteka mumtima chifukwa pali ana ena omwe anakhoza koma sanabwere kudzadandaula, anangovomereza kuti mphunzitsi sanama. Kuchokera tsiku limenelo samu iliyonse ndimaiwerengetsera ndekha kaye. Zida izi zimagwira ntchito molosera mawu omwe akuyenera kutsatira, ndiye zikhoza kulemba zolakwika koma mwa chidaliro ngati zoona.

Chimodzimodzinso nkhani za kwathu kuno. Mukapempha manotsi a Social Studies onetsetsani mayina, zaka ndi malo ndi buku lili pambali. Maboma a chigawo cha kumpoto alipo 6, Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba, ndiye mukaona Mzuzu yaikidwa pa mndandanda ngati boma palokha konzani, mzinda wathuwu uli m'boma la Mzimba. Pa Chichewa ndi Chitumbuka ndiye samalani kawiri. Imatha kupeka mwambi womveka ngati weniweni koma palibe gogo anaunenapo, imasokoneza magwirizano a mayina, nthawi zina nkulowetsamo mawu a Chiswahili. Miyambi, zilapi ndi ndagi tengani m'buku kapena funsani akuluakulu. Ine phunziro la Chichewa ndimangoipempha maganizo a zochita m'magulu, mawu ake ndimaika ndekha.

Komwe imandipepuza kwambiri ndi pa timayeso ndi ntchito za ana osiyana nzeru. Ndimati ndipatse mafunso asanu ophweka a omwe akutsalira, asanu apakatikati, ndi atatu ovutirapo a omwe amamaliza msanga nkuyamba kusokosera. Kale zimenezi sindinkachita nkomwe, nthawi inalibe. Imathandizanso kufupikitsa ndime yovuta ya Chingerezi, kukonza kalata yoitana makolo ku msonkhano, kapena kuyala maminitsi a komiti omwe mwalemba mothamanga.

Mayina a ana, malikisi awo, zithunzi zawo, nkhani za matenda kapena mavuto a kunyumba kwawo, zimenezi musalowetsemo. Zomwe mwalemba zimapita pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko, si kabati ya mu ofesi ya ahedi. Mukafuna malangizo nenani kuti ndili ndi wophunzira wa zaka 12 yemwe amavutika kuwerenga, zakwana. Mapepala a mayeso omwe sanalembedwe, monga a mock a zoni, nawonso asapiteko.

Kachitidwe kanga ndi aka. Loweruka m'mawa ndikabwera kumsika, foni ili yodzaza moto, ndimakhala ndi sikimu nkupanga maphunziro a masiku awiri kapena atatu pa macheza amodzi omwewo kuti ndisamabwereze kufotokoza za kalasi yanga. Zomwe zandikhutiritsa ndimazisunga mu notes ya foni nthawi yomweyo, kuti magetsi akathima kapena netiweki ikavuta ndisagwire njakata. Kenako ndimalemba pamanja mu buku la lesson plan, ndipo polemba pamanjapo mpamene ndimagwira zambiri, sitepe iyi yatalika, chitsanzo ichi ana a ku Chibavi ndi ku Zolozolo muno mu Mzuzu sachimva, funso ili ndiyambe nalo. Ngati simunayesepo, tengani phunziro limodzi lokha la sabata ya mawa, lomwe mumalidziwa bwino kale, kuti ikalakwitsa muione msanga.