Momwe mungatengere kope la database malonda ali mkati

Pasitolo yathu ya zipangizo zaulimi pa Kamwendo ku Mchinji, malonda onse timalemba mu pulogalamu yomwe imasunga zinthu mu database ya SQLite. Nyengo ya feteleza ndi mbewu sitingatseke kompyuta masana, ndiye kope timatenga anthu ali pamzere.

Yambani ndi kutsegula foda ya database. Mukaona malonda.db-wal ndi malonda.db-shm pambali pa malonda.db, musathamangire kukopa. Ine ndinapsera pomwepa. Madzulo aliwonse ndinkangokokera malonda.db pa flash, pulogalamu ili chitsegulire. Tsiku lomwe hard disk inafa, ndinabwezera kope lija, koma malisiti a tsiku lonse lomaliza munalibe. Tinachezera usiku ndi makope a pepala, kulowetsanso thumba lililonse la urea.

Chimachitika ndi ichi: SQLite ikakhala mu WAL (njira ina yake yolembera zinthu), zolembedwa zatsopano zimayamba zafikira mu fayilo ya -wal. Zimasamukira mu fayilo yaikulu ikachita checkpoint, kawirikawiri -wal ikafika masamba 1000 kapena pulogalamu ikatsekedwa bwinobwino. Ine ndinkanyamula nkhokwe chimanga chikadali pamkeka. Kukopa onse atatu sikuthandizanso ngati wina akugulitsa nthawi yomweyo, chifukwa mafayilowo amatha kusemphana, potsegula n'kukulandirani ndi "database disk image is malformed".

Isiyireni SQLite ikope yokha:

sqlite3 malonda.db ".backup E:/kope.db"

Lamuloli limatenga ndi zomwe zili mu -wal zomwe. Ngati muli ndi SQLite 3.27.0 ya 2019 kapena yaposachedwa, VACUUM INTO 'E:/kope.db' imachita zomwezo n'kuchepetsanso kukula kwa fayilo, bola dzinalo lisakhale la kope lomwe lilipo kale.

Pa flash chenjerani. Zotchipa zolembedwa 64GB zomwe amayenda nazo m'misika zina ndi zachinyengo, zimaonetsa ngati zalandira fayilo pomwe zaiwononga. Yesani flash yanu ndi H2testw, pulogalamu yoyesera ma flash, musanaidalire, ndipo ndi bwino kuonjezera ndalama mugule yaing'ono yeniyeni.

Mukatha tsegulani kopelo mu sqlite3, lembani lamulo loona ngati lili bwino, PRAGMA integrity_check, iyankhe "ok". Onaninso ngati lisiti lomaliza lilimo.

Zotsalazo ndi zachidule. Ikani deti padzina la kope lililonse, flash ina izigona kunyumba. Amene muli ndi database ya MySQL osati SQLite, gwiritsani ntchito mysqldump --single-transaction ngati matebulo anu ndi a mtundu wa InnoDB.