Mmene Mungaunikire Dola Yoboola ya ku Prince Edward Island

Wina akakutambasulirani m'manja ndalama yasiliva yoboola pakati, nati ndi ya ku Prince Edward Island, chilumba cha ku Canada, musathamangire kupisa m'thumba. Ine ndisanatenge sikelo ndimayamba ndakumbukira chimene anaiboolera.

Mu 1813 chilumbachi, chomwe chinali m'manja mwa Angerezi, chinkasowa ndalama zachitsulo. Dola ya ku Spain ikangofika ku Charlottetown, likulu la chilumbachi, amalonda ankaitumiza kunja kukalipirira katundu. Bwanamkubwa Charles Douglas Smith analamula kuti madola 1,000 abooledwe, mkombero wotsala kuzungulira bowo uziyenda ngati masheleni 5, kachidutswa kapakati sheleni imodzi. Nzeru inagona apa: dola yathunthu inalinso masheleni 5, koma kunja kwa chilumbacho mkombero unali siliva woperewera basi. Ndani akanaukweza m'sitima?

Tsono yang'anani chaka kaye. Chikapitirira 1813, bwezani, nkhani yatha. Kenaka werengani dzina la mfumu ya ku Spain m'mbali mwa mutu wake: CAROLUS III, CAROLUS IIII kapena FERDIN VII. Kuseri kwake kuli chizindikiro cha kumene inasulidwa, monga M wokhala ndi ka o pamwamba, kutanthauza Mexico.

Bowo likhale lozungulira. Likakhala la ngodya 8, ganizirani za Trinidad, kumene anachita zofananazo mu 1811. Mukaona mawu oti NEW SOUTH WALES 1813 atazungulira bowo, imeneyo ndi ya ku Australia. Ya ku Prince Edward Island ilibe mawu otero, ili ndi kachidindo kakang'ono kooneka ngati dzuwa. Ikeninso pasikelo: dola yathunthu imalemera pafupifupi magalamu 27, choncho mkombero uyenera kutsikirapo ndithu.

Ndi galasi lokulitsa, suzumirani m'mphepete mwa bowo. Siliva wodulidwa kalekale amada ndi kusalala mofanana ndi ndalama yonse, pamene wodulidwa dzana amanyezimira ndipo amakanda chala. Chonde musaitsuke. Ine ndinapukutapo ndalama ina yakale ndi mankhwala otsukira zitsulo, ndipo mdima womwe ukanaichitira umboni unatsalira pansanza.

Povuta pali apa. Anthu a nthawiyo sanachedwe kuwerengetsa: dola ya masheleni 5 ukaiboola wekha ikubala 6. Achinyengo anachuluka mwakuti mu 1814 boma linaitanitsa ndalamazo, koma zoboola zina zinapitiriza kuyenda pakati pa amalonda. Ndiye mungagwire dola yomwe siliva wake ndi weniweni, bowo lake ndi lakale ndithu, koma sinadutsepo m'manja mwa boma. Zoterezi osonkhanitsa ndalama zakale amazifunabe, ngakhale mtengo wake umasiyana. Apa maso anga ndi sikelo zimathera, ndipo ndisanalipire ndimafunsa wogulitsayo mapepala osonyeza amene anaisungapo kale, kenaka ndimaitumiza kwa akatswiri akayerekeze kachidindo kaja ndi ka ndalama zodziwika.