Phunzitsani Mwana Kuchotsera ndi Phada

Mwana akamavutika ndi masamu ochotsera, musathamangire kope ndi pensulo. Ine mdzukulu wanga ndimakhala naye pansi pa mtengo wa mango, timakumba kadzenje n'kuikamo timiyala khumi. Aponye mwala m'mwamba, akokere timiyala tija kunja, awakhe, kenako abwezere m'dzenje kusiyako kamodzi. Pamenepo m'funseni: "Iwe, m'dzenjemo mwatsala tingati?" Yankho musamuuze, awerenge yekha ngakhale achedwe. Akazolowera azisiya tiwiritiwiri, kenako titatutitatu.

Nthawi zina muziphonya dala powerenga. Ana amasangalala kwambiri kukonza agogo, ndipo pokukonzanipo amawerenga mosamala. Akatopa musam'kakamize, apite ku masanje akagawire anzake nsima yadothi mofanana.