Mpendero wa chofunda cha zigamba: musathamangire kumaliza

Mwezi wa June ukayandikira kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, chiperoni chikayamba kuwaza, magulu a amayi ambiri amakhala kalikiliki kusoka zofunda za zigamba. Nsalu sizisowa: zotsala kwa matelala a pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Chitakale, zitenje zakale, ndi bulangete la pa kaunjika loika pakati. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi m'mphepete. Munthu amatha masabata akulumikiza zigamba mwaluso, koma pofika pa mpendero amakhala atatopa, ndiye amangopinda n'kudutsapo ndi makina. Chonsecho chofunda chimayambira kutha m'mphepete momwemo, mmene ana amakokera usiku ndiponso mmene mumafinyira pochapa.

Musanadule lamba wa mpendero, yambani mwalinganiza chofundacho. Chiyaleni pa mkeka kapena pa tebulo, muyepule bulangete ndi nsalu yapansi zimene zatulukira kunja, mbali zonse ziwongoke. Pangodya ikanipo chikuto cha buku cholimba kuti muone ngati ngodyayo yakhala bwino. Kenako sokani msoko wautaliutali kuzungulira, pafupi ndi m'mphepete, kuti nsalu zitatuzo zigwirane zisamatererane.

Nsalu ya mpendero ikhale ya thonje, yolimba koma yosakhuthala. Chitenje chimachita bwino. Ngati ndi chatsopano, chichapeni kaye, chifukwa chimafupika chikalowa m'madzi koyamba ndipo china chimasuluka n'kuthimbiriritsa zigamba zoyera. Jinzi ndi nsalu za makatani zisiyeni. Zimavuta kupinda pangodya, komanso ndi chinyezi chathu chino mpendero wokhuthala umatsala wonyowa pamene chofunda chonse chauma, mapeto ake nkhungu.

Dulani malamba otambalala masentimita 6. Utali wake muupeza poyeza mbali zonse zinayi n'kuwonjezerapo masentimita 30. Chofunda cha masentimita 150 kwa 200 chifuna masentimita 730, kutanthauza malamba 7 kapena 8 odulidwa mopingasa chitenje, ndipo theka la mita likwanira. Polumikiza, gonekani lamba wina pamwamba pa mnzake ngati mtanda, nkhope zitayang'anana, musoke mopendeketsa kuchoka pangodya ina kufika pa inzake. Dulani chotsalacho, tsegulani msoko, musite. Msoko wopendekeka sumapanga chotupa pamalo amodzi. Mukatero pindani lamba yense pakati m'litali mwake, nkhope ili kunja, n'kumusita ndi simbi. Ena amadandaula kuti kupinda pawiri kukutha nsalu, koma ine ndimalimbikira pamenepa: yapamwamba ikaperepeseka, yamkati imagwirabe.

Yambirani pakati pa mbali imodzi, osati pangodya. Ikani lamba kumaso kwa chofunda, mbali yake yosapinda ilingane ndi m'mphepete, musiye mchira wa masentimita 20 wosasoka. Msoko uziyenda mamilimita 6 kuchokera m'mphepete. Makina opalasa ndi phazi amakonda kukankha nsalu yapamwamba ngati pansi pali bulangete, choncho talikitsani msoko pang'ono, muzipalasa modekha, ndipo lambayo musamukoke. Mukamukoka, chofunda chimakwinyika m'mbali ndipo simbi singachiwongolenso.

Tsopano pangodya, pamene ambiri amagwa ulesi. Mukatsala mamilimita 6 kuti mufike kumapeto, imani. Ndi bwino kuikiratu kadontho ka choko pamalopo. Bwezani makina m'mbuyo pang'ono kuti ulusi umangike, dulani ulusi, mutulutse chofunda. Chitembenuzeni kuti mbali yotsatira iloze kwa inu. Kwezani lamba m'mwamba, kunja kwa chofunda, mpaka pangodyapo papindike mopendekeka ndipo lambayo awongoke mzere umodzi ndi mbali imene mukupita. Kanikizani pindolo ndi chala. Kenako mutsitseni lambayo kuti agone pa mbali yatsopanoyo, pindo lachiwirili lilingane ndendende ndi m'mphepete mwa mbali imene mwangomaliza. Bayanipo pini, muyambe kusoka kuchokera pamwamba penipeni. Kansalu kamene kabisala mkatimo musakaone ngati kolakwika, ndi kamene kadzakuta ngodya mukamatembenuza. Mukapitirira kadontho kaja, ngodya imakana kutembenuka. Mukaima patali, pamatsala kadzenje. Amene akuyamba kumene ayesere kaye pa kachigamba kakang'ono, ngodya zinayi zonse, asanagwire chofunda chenicheni.

Mukazungulira, imani patatsala masentimita 25 kuti mukumane ndi poyambira. Gonekani michira iwiriyo, wina upitirire pa unzake ndi masentimita 6, mofanana ndi kutambalala kwa lamba, mudule chotsala. Itambasuleni, muilumikize mopendeketsa monga munachitira poyamba, mupindenso n'kutseka mpatawo.

Chotsala ndi kutembenuzira lamba kumbuyo kuti aphimbe msoko wa makina. Pangodya pindani mbali imodzi kaye, inzake pamwamba, ndipo mudzaona kamzere kopendekeka kakuoneka kumaso ndi kumbuyo komwe. Kamzereko katsekeni ndi singano kawiri kapena katatu. Kumbuyoku ndi bwino kusoka pamanja, misoko ing'onoing'ono yotalikirana theka la sentimita, singano izigwira nsalu yapansi yokha osatulukira kumaso. Chofunda cha ana chochapidwa kawirikawiri mungathe kuchidutsa ndi makina. Msoko umaoneka, koma umapirira.

Pali njira zina ziwiri. Ngati nsalu yapansi ndi yaikulu, poyepula paja musiye masentimita 3 kuzungulira, mupinde kawiri kubwera kumaso. Ndi yachangu, koma ikang'ambika simungaisinthe mosavuta ngati lamba wapadera. Ndipo amene ngodya zosongoka zawakanika akhoza kuzizunguliza: ikani mbale pangodya, lembani ndi choko, dulani. Pamenepo lamba ayenera kudulidwa mopendeketsa, kutsata mzere umene umaoneka mukapinda nsalu ya mbali zinayi zofanana ngodya ndi ngodya, chifukwa wodulidwa chotero amatamuka n'kukhota bwino. Amadya nsalu yambiri, choncho pogula muwonjezere kufika mita yathunthu.