Katsukidwe ka paving ya pabwalo

Achimwene, mwati paving ya pakhomo pomwe mukugwira ntchito ku Randburg, mu mzinda wa Johannesburg, yada ndipo yamera ndere, ndiye mukufunsa poyambira.

Yambani mwazula udzu wa m'mipata ndi mpeni wakale, mizu ituluke, kenako musese ndi tsache lolimba. Sungunulani kapu imodzi ya Jik mu ndowa ya malita 10 a madzi, munyowetse malo andere, makamaka kumwera kwa nyumba komwe dzuwa silifika nthawi yozizira. Pakatha mphindi 15 khulani ndi bulashi. Madziwo asayenderere ku kapinga, amawauka. Asidi wa mu swimming pool ayi ndithu: amadya simenti, ndipo akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wakupha.

Pomwe padontha oyilo wa galimoto thiranipo mchenga wouma ugonepo, m'mawa mwake mukhule ndi Sunlight ndi madzi otentha.

Tsukuluzani ndi ndowa, poti kampani ya madzi ya Johannesburg Water imaletsa kutsuka paving ndi paipi ikalengeza zosunga madzi. Pakauma, sesererani mchenga wosefa m'mipata mpaka idzaze, apo ayi njerwa zimagwedera mvula ikalimba. Maluwa a jacaranda akayamba kuthothoka mu Okutobala muzisesa tsiku ndi tsiku, akaola amathimbiritsa komanso amaterera.