Kupirira Okutobala ku Chikwawa

Kuno Okutobala akafika dzuwa limaswa mtengo, kutentha mpaka kupitirira madigiri 40. Ine kumunda ndimaweruka 9 koloko m'mawa. Madzi sungani mumtsuko pamthunzi, ndipo agogo ndi ana muziwamwetsa asanadandaule ludzu. Wina akamva chizungulire, mugonekeni pamthunzi, mumufunditse chitenje chonyowa. Akayamba kubwebweta, thamangirani naye kuchipatala.

Udzu ukangouma, lambulani mozungulira nyumba, nkhokwe ndi khola, chifukwa osaka mbewa akayatsa tchire moto susankha. Ukadali wochepa, uzimitseni ndi nthambi zaziwisi mutaima kumene mphepo ikuchokera. Ukakula, nyamulani ana muthawe, katundu musiyeni.

Andale amabwera ndi mbande nthawi yamvula, kujambulitsa, n'kupita osabweranso. Zimandiwawa. Ife tinapangana ndi amfumu kuti woyatsa tchire azilipira mbuzi.