Kompyuta inkayaka koma osafika pa Windows

Magetsi atazima mwadzidzidzi Lachiwiri, kompyuta yanga ya padesiki inayamba zachilendo. Ndikaiyatsa, fani inkazungulira, kagetsi kakutsogolo n'kuyaka, koma sikirini ili bii, kenako kulira "bip, bip" kosalekeza. Mtima unali m'mwamba, poti ntchito zanga zonse zili m'menemo.

Ndinazula chingwe pakhoma, n'kudina batani loyatsira kwa masekondi 15 kuti mphamvu yotsalira ithe. Nditatsegula chivundikiro, ndinapeza fumbi lili mbuu pa RAM, tizipangizo tiwiri tokhala ngati timatabwa tomwe kompyuta imasungiramo zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito. Ndinazula tonse tiwiri, n'kupukuta timano take tagolide ndi labala yofufutira pensulo, pang'onopang'ono, nditagwira m'mbali mokha.

Ndinabwezera kamodzi kokha, n'kukanikiza mpaka timaloko tinatseka. Windows inabwera! Nditaika kachiwiri kaja, vuto linayambiranso, ndiye kuti kanali katafa. Panopa ndikuyendera kamodziko, ka 4 GB, podikira malipiro kuti ndigule kena.